Wokwera Abwere ndi Womukankha

Nkholongue, 3 Mayo 1987

Mwana wanga Felicidade,

Landira moni wochokera kuno kwanu. Ine ndili moyo, kupatula mwendo wakumanzere ndi makutu amene ukuwadziwa kale. Ndikhulupirira kuti iwe, amuna ako ndi ana muli bwino pa Likoma pamenepo. Chinangwa chachita chaka chino, koma anthu akukumba mothamanga, maso ali kumapiri. Usipa ulipo, mchere ndiwo palibe.

Chimene ndalembera ndi tinta, imene kumeneko mumati penti. Ndikufuna yofiira ndi yobiriwira, ya maboti, osati ya nyumba imene imasupuka ndi chilimwe chimodzi. Umupatse Ibrahimo wa boti la tanga, yemweyu wabweretsa kalata ino. Kampango wosema uja amene ana amakwera wasuluka msana wonse, ndipo ng'ona ikungooneka ngati chipika.

Udzafunsa kuti ndikupakiranji pamene nkhondo ili pakhomo. Ndikuyankhe usanafunse. Pa Fera, malo anga a masewera aja, anthu anasiya kubwera. Chichokere Natale, Khirisimasi yapitayi, Lamulungu lililonse ndimasesa bwalo, ndimamanga zingwe za akatungwe pa mitengo ya mango, ndimavundukula karoseli, chozungulira chokwera ana chija, kenako ndimakhala pampando wanga. Anthu amatuluka m'tchalitchi, amadutsa kuseri kwa mpanda, ndipo amandipatsa moni ngati akupepesa maliro.

Iwe unakulira pamenepa, sindikuuza zachilendo. Mabanja ankayenda wapansi kuchokera ku Metangula, ena pa bwato kuchokera ku Lunho, ngakhale alimi a ku Maniamba ankatsika phiri ndi ana kumsana kudzaona nsomba zouluka mozungulira. Asilamu ankabwera, Akhristu ankabwera. Karoseli ndinaiona koyamba ku Beira pamene ndinkanyamula matumba padoko. Ya kumeneko inkayenda ndi injini, ndipo ana athu ankaionera kunja kwa waya chifukwa analibe bilyeti, tikiti yolowera. Ine amene sukulu ndinalekeza kalasi yachiwiri ndinabwerera kuno, ndinachotsa chitsulo pa lole yakufa kuti chikhale mtima wake, ndinasema nsomba ndi manja awa, ndipo ndinaika lamulo limodzi lokha: pano palibe bilyeti, wokwera abwere ndi womukankha wa kunyumba kwawo. Karoseli ndi yolemera, imafuna mnyamata wa mapewa. Mwana wa mphunzitsi ndi mwana wa msodzi ankalipira mofanana, ndi thukuta la mchimwene wake. Lamulo limeneli silinasinthe ndipo silidzasintha.

Zimene zinachitika mu Novembala ndikuzidziwa. Amfuti anatsika kumapiri nadzatenga anyamata, ndipo otsala akufunidwa ndi lole ya kutauni kuti nawonso akagwire mfuti. Msuweni wako Adriano, mwana wa mlongo wanga Yuniya, anapita tsiku lomwelo. Ine malume wake ndinakhala masiku osadya. Panalibe wokankha ngati iye, ngakhale phazi lake lamanja linalibe chala chaching'ono, chija chinadulidwa ndi unyolo wa nangula.

Koma tamvera. Ena anawatengera kudimba, ndipo kudimba anthu akupitabe. Ena anawatengera pakhomo pa tchalitchi, ndipo tchalitchi chimadzaza. Pa Fera sanatengepo munthu ndi mmodzi yemwe. Nanga bwanji malo anga okha ndiwo asanduka manda?

Ndiponso ine ndinaona. Tsiku lija ndinali pachulu kuseri kwa Fera, mzere wa otengedwa ukukwera phiri. Sunali wautali. Adriano sindinamuonemo, pakuti Yuniya akuti amfutiwo anamudutsitsa njira ya kumtsinje. Koma lero mayi aliyense ndikamufunsa kuti mnyamata wanu ali kuti, amati anapita. Onse? Akuyesa kuti popeza ndine wogontha ndiye kuti ndinenso wakhungu.

Mwini wa zimenezi ndikumudziwa. Ndi mlamu wanga Hosea, katekisiti, mwamuna wa Yuniya. Kuyambira kale zinkamuwawa kuti ana ankayankha Amen miyendo ili kale pakhomo, kuthamangira kwa ine. Tsopano wapeza nkhondo yomuthandiza. Wauza amayi kuti asunge anyamata kutali ndi ine, nawonso apeza bodza losavuta lonamizira nkhalamba.

Ndikapaka tinta, ana adzaona kuwala kwake ali kunjira, ndipo tiona ngati Hosea ali ndi manja okwanira kuwagwira onse.

Ndine atate ako,
Basilio

Likoma, 27 Mayo 1987

Atate okondedwa,

Kalata yanu yafika, yonyowa m'mbali koma yowerengeka. Tonse tili bwino. Elizabeti wayamba kuyenda, ndipo akagwa amakwiyira pansi, ndiye amuna anga akuti mtima watengera agogo ake a ku Nkholongue.

Za penti ndafunsa kwa okonza maboti. Akuti akamaliza ntchito imene ali nayo adzanditsalitsira m'zitini. Muleze mtima, sindinaiwale.

Atate, usiku umene ndinawerenga kalata yanu ndinalota ndili pa mpasa uja wa mchira wokhota, amayi ataima pamzere wa ogulitsa zitumbuwa akundikuwa kuti ndigwire ndi manja awiri. Fera sindingaiiwale. Koma ndikupempheni chinthu chimene ndakupemphani kale. Bwerani kuno. Ibrahimo akhoza kukutengani ulendo uliwonse. Anthu a kwathu achuluka pachilumba pano, ndipo ana awo akusewera ndi zitini za dzimbiri. Mukanabwera mukanawasemera kanthu, ifenso tikanagona tulo. Boti lililonse likafika ndimathamangira kugombe ndi mtima m'manja, kuopa uthenga umene lingabweretse.

Za a Hosea musafulumire. Munthu amene mwana wake watengedwa sangakhale ndi nthawi yolimbana ndi nsomba zamatabwa. Mwina anthu angotopa ndi chisoni. Kapena mukanafewetsa lamulo lija pang'ono, kuti aliyense amene alipo akankhe, mpaka zinthu zitakhala bwino.

Mupereke moni kwa azakhali a Yuniya ndi kwa mwana wawo Maua. Ndatumiza kathumba ka mchere, mugawane nawo.

Mwana wanu,
Felicidade

Nkholongue, 14 Junyu 1987

Felicidade,

Mchere wafika, zikomo. Moni kwa amuna ako ndi kwa Elizabeti, amene ndikuona kuti adzakhala munthu.

Wati nsomba zamatabwa. Mawu amenewa ndawawerenga kawiri. Unakwera pa nsomba zimenezo usanadziwe kupukuta mamina, lero zasanduka matabwa. Ndipo ukuti ndifewetse lamulo. Lamulo ukalifewetsa lero, mawa wina adzabwera ndi wantchito wake kudzamukankhira mwana, mkuja wina adzati ndilibe wokankha koma ndili ndi nkhuku, ndiye bilyeti yalowa. Ndinaziona ku Beira.

Tamva zimene zachitika. Lamulungu lapitali ndinaona zala zazing'ono pakati pa bango la mpanda. Anali Maua, mlongo wake wa Adriano. Ndinamuitana. Anayandikira khutu langa nati, "Amalume, ndingokhala pa kampango, osazungulira." Ndinamukweza. Mwana atakhala pa karoseli yoima, miyendo ili lendelende, ndi chinthu chimene sindikufuna kuonanso. Ndinagwira mtanda wokankhira kuti ndimukankhe ndekha, pakuti ndine wa kwawo. Inasuntha pang'ono, mtima wake unalira kwiii mpaka ndinaumva m'mano, kenako mwendo unakana. Mwanayo anaseka nati, "Achimwene ndiye amathamanga mpaka mphepo kulira m'makutu." Atatero anadzigwira pakamwa, natsika yekha.

Nthawi yomweyo Hosea analowa, thukuta lili kamukamu. Ananena kanthu, milomo yokha ikugwedera.

Ndinati, "Kwezani mawu, a katekisiti. Paguwa mumafuula bwanji?"

Anafika pakhutu langa akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku. "Alamu, mwanayu musamuitanenso kuno."

"Ndi mbumba yanga imeneyi. Inu munangobwera kudzakwatira."

"Nthawi ino si ya masewera."

"Koma ndi ya kwaya? Dzulo ndinakuonani pansi pa mkuyu mwayasamula ndi anthu anu."

"Pali zinthu zimene sindingakuuzeni."

"Simungandiuze chifukwa ndi zochititsa manyazi."

Ananyamula mwana nachoka osatsazika. Ndiye wavomera yekha kuti ndiye akuletsa.

Lolemba ndinavala jekete langa la ku Beira ndi kupita kwa a Chabane, sekeretariyo wa mudzi. Ndakasuma. Ndapempha kuti Hosea aitanidwe pabwalo, ndiponso kuti nyumba iliyonse inene pamaso pa anthu chifukwa chimene inasiyira kubwera. Ndawauza kuti ine ndinauona mzere wa mu Novembala, ndipo ana a mudzi uno ndimawadziwa ndi mayina, pakuti palibe amene sanadutse m'manja mwanga. Ndidzatchula amene ndinawaona akukwera phiri, kenako amayi a enawo anene kumene ali.

A Chabane anandilandira bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Anandipatsa mpando wa ndalema. Mlandu auika Loweruka pa 18 Julyu, tsiku limene anthu a lole adzabwere kuchokera kutauni, akuti kuti nawonso adzamve. Zili bwino. Akutauni adziwe kuti ku Nkholongue kuli karoseli, ndiponso kuli munthu wa kaduka.

Ku Likoma sindibwera. Tinta ndikuidikira.

Atate ako,
Basilio

Nkholongue, 16 Junyu 1987

Felicidade mwana wanga,

Ndine azakhali ako a Yuniya. Moni ndikupatsa wachidule chifukwa Ibrahimo akukweza katundu. Kalata ino aisokera m'mphepete mwa tanga. Ukawerenga uiponye pamoto, usauze ngakhale amuna ako.

Adriano ali moyo. Sanatengedwe. Tsiku lija anali kumiyala ndi anzake akuwedza, ndipo atamva mfuti analowa m'mapanga. Ali komweko mpaka lero, gulu ndithu. Timawapititsira chakudya pansi pa zochapa. Akabwera a kumapiri timati ana athu anatengedwa ndi lole. Ikabwera lole timati anatengedwa ndi a kumapiri. Takhala tikuyenda pa ulusi umenewu miyezi yonseyi.

Udzati bwanji sitinawauze atate ako, eni mbumba. Iwe ukuwadziwa. Ukawanong'oneza kuti mchere ndabisa m'chikho, amabwereza mofuula kuti wati mchere uli m'chikho, mpaka asodzi ali panyanja kutembenuka. Sachita dala, sadzimva okha. Ndinawaona akuonda ndi chisoni cha Adriano, ndinalira nawo misozi yeniyeni, koma yanga inali yolirira iwo. Mulungu andikhululukire.

Za Fera, amuna anga sanaletse munthu. Tinapangana ndife amayi. Lamulo la achimwene ukulidziwa. Amene ana awo anatengedwadi alibe wowakankhira. Ife amene tabisa sitingawatulutse. Tikanati abambo azikankha, bwalo likanadzaza ana aang'ono okhaokha, ndipo mlendo aliyense akanafunsa kuti nanga akulu awo ali kuti. Ndiponso mwana akasangalala pakamwa pamatseguka. Maua anatsala pang'ono kutigulitsa Lamulungu lija. Ndiye tinati pasapite nyumba ndi imodzi yomwe, kuti pasaoneke kusiyana. Zimatiwawa podutsa pampanda paja, kuwaona atakhala okha atavala malaya oyera. Ifenso tinakwerapo pamenepo. A Hosea anandifunsira mbeta pansi pa mango omwewo, achimwene akutiyang'ana ndi diso lofiira.

Tsopano akasuma. Pa 18 Julyu adzaima pamaso pa anthu a lole ndi kutchula amene anawaona pamzere. Mutu wawo sutaya dzina. Akamaliza, otsalawo adzakhala poyera ngati usipa pathandala, ndipo akadzayamba kumenya amayi, wina adzaloza kumiyala. A Chabane nawonso apanikizidwa, akuuzidwa kuti mudzi wawo sukupereka anyamata.

Ndawagwadira kuti achotse mlandu. Akuti ndikuikira kumbuyo mwamuna. A Hosea anapita kukapepesa chinthu chimene sanachite, anawabweza pakhomo. Watsala ndiwe. Uwalembere. Koma chifukwa chake usalembe, pakuti kalata zako amawerengera pansi pa mango mokweza, kuti odutsa adziwe kuti amatha kuwerenga.

Fulumira, mwana wanga.

Yuniya

Likoma, 29 Junyu 1987

Atate,

Moni, tonse tili bwino. Ndilemba zochepa.

Sindinakupempheni kanthu kakakulu chichokere pamene amayi anatisiya. Lero ndikupempha. Mlandu wa pa 18 Julyu muuchotse. Musandifunse chifukwa. Ngati ndili mwana wanu, pitani kwa a Chabane mukanene kuti mwakhululuka. Mukatero penti ndidzabwera nayo ndekha, ndidzapaka kampango ndi manja anga inu mutakhala pampando mukundidzudzula.

Mawu aja a matabwa ndinalakwa. Si matabwa.

Mwera wayamba kuwomba ndipo Ibrahimo akuti sanyamuka mpaka nyanja itagona. Ndikupita kugombe m'mawa uliwonse kukamukakamiza. Mulungu afikitse pepala lino nthawi isanathe.

Mwana wanu,
Felicidade

Nkholongue, 20 Julyu 1987

Felicidade,

Moni, mwana wanga. Tili moyo tonse, ndipo ukamva kuti tonse udziwe kuti ndikunena tonse. Sindikudziwa zimene unawalembera atate ako, koma Mulungu akudalitse dzanja.

Loweruka mudzi wonse unasonkhana kwa a Chabane. Anthu awiri a lole anakhala pabenchi, mfuti zili pamaondo. Ife amayi tinakhala pansi, ndipo pambali panga panali mai Sikudhani, amene mwana wawo anatengedwadi ndipo analibe chobisa. Achimwene anafika ndi jekete lawo lija, ndodo m'manja, osayang'ana munthu.

A Chabane anati, "A Basilio, bwalo ndi lanu. Nenani dandaulo lanu."

Anaimirira, nakonza kukhosi. "Mbuzi ya Hosea inadya chingwe cha katungwe wanga."

A Chabane anawayang'anitsitsa.

"Chingwe?"

"Cha khonje. Ndinapota ndekha. Chingwe chotero simungachipeze ngakhale ku Lichinga."

Mmodzi wa a lole anaseka. A Chabane sanaseke. Anati, "Madala, munandiuza za mzere wa mu Novembala. Munati sunali wautali."

"Mwati chiyani?"

Anabwereza mokweza.

"Mwati mvula ya mu Novembala?"

Anafika pakhutu penipeni nafuula. Achimwene anagwedeza mutu. "Mzere? Ndi maso awa? Ine dzana ndinapatsa moni chitsa, kuyesa ndi apongozi a munthu."

A Chabane anapukuta nkhope. "Nanga si inu munkafuna kudziwa chifukwa chimene anthu anasiyira kubwera pa Fera?"

Achimwene anatsamira ndodo yawo. Kenako ananena ndi mawu awo aja omveka mpaka kugombe. "Chifukwa ndachipeza ndekha. Karoseli yanga inafa. Mtima wake unang'aluka. Inapangidwa ndi munthu wa kalasi yachiwiri, ndiye yafika pamene nzeru zake zinalekezera. Amayiwa akuopa kuti ana angagwe, ndipo akuchita bwino. Pasapezeke munthu wopondako."

Felicidade, munthu amene anamenyapo mnzake chifukwa chonena kuti ng'ona yake ikufanana ndi buluzi, kunena zimenezi pamaso pa alendo. Mai Sikudhani anayamba kulira, ine ndinaluma nsalu.

A Hosea anawagamula kuti abweze chingwe. Anavomera msangamsanga kuti mbuzi ndi yawodi, chonsecho mbuzi yathu imodzi yotsala ija ilibe ndi mano omwe. A lole anatukwana kuti awatayitsa tsiku, nakwera kubwerera.

Chichokere pamenepo atate ako sakundilankhula. Akudula bango, akukweza mpanda wa Fera kupitirira msinkhu wa munthu, akuti anthu asaone manyazi awo. M'mawa uliwonse anthu asanatuluke amakhala akusesa m'katimo. Ndikuopa kuti mutu wayamba kusokonekera ndi chisoni. Uwalembere mawu owatonthoza.

Azakhali ako,
Yuniya

Nkholongue, 9 Agosto 1987

Mwana wanga Felicidade,

Moni kwa iwe, amuna ako ndi Elizabeti. Mwendo uli chimodzimodzi. Mwera wagona, usipa wabwerera.

Kalata yako yondipempha kuti ndichotse mlandu inafika mlandu utatha kale. Ndikukuuza kuti usadzitame nazo. Ndaiwerenga chamumtima, m'nyumba, chitseko chotseka, pakuti zimenezonso ndimatha. Ino Ibrahimo aisokere pamene amasokera za azakhali ako. Akuyesa kuti sindinamuone.

Kutatsala masiku ochepa kuti tipite kubwalo, ndinalawira ku Fera kukakonzekera mawu anga. Ndisanalowe ndinamva fungo la nsomba. Ndinapeza mtima wa karoseli atauzenga ndi sanza zonyika m'mafuta a nsomba, nyerere zili nyomi. Mafuta a nsomba, pa chitsulo changa. Ndinati Hosea wafika pondilodza. Kenako ndinayang'ana pansi.

Ukudziwa kanjira kozungulira kamene okankha anakumba ndi mapazi zaka zonsezi. Ndinali nditasesa dzulo lake. Munali mapazi. Akuluakulu, opanda nsapato, zala zitalowa kwambiri m'dothi monga amachitira munthu wokankha cholemera. Ndinawatsata mozungulira. Pakati pawo panali phazi lamanja la zala zinayi. Pafupi ndi kampango panali timapazi tiwiri ta mwana wotsika modumpha.

Ndinakhala pansi pomwepo. Sindikuuza kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji.

Ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya. Ine malume, mwini mbumba, kundisiya ndilire munthu wamoyo, mlongo wanga akundithandiza kulira. Mudzi wonse kudziwa, mpaka mwana wosamera mano onse, ine ndekha ayi. Ankati Basilio sasunga mawu. Ndinali ndi mayina onse pakamwa, ndipo pabwalo paja akanatha kutuluka ngati mbuzi m'khola. Ufunse azakhali ako ngati linatuluka ngakhale limodzi.

Zimene ndinanena za karoseli yanga pamaso pa alendo zija, ndikazikumbukira chakudya chimandiwawa. Mtima wake ulibe ndi mng'alu womwe. Udzazungulira iwe utakalamba. Tsopano ana a ku Metangula adzakula akumva kuti kunali nkhalamba ina imene inapanga chinthu chosalimba. Asiye anene. Malo akufa palibe amene amawalondera.

Koma anyamata amenewa ndi opusa. Sanza sizitseka kulira kwa chitsulo. Ine sindimva ndi makutu, koma ndikatsamiritsa chibwano pamtanda ndi kusuntha pang'ono, kulira konse kumabwera m'mano. Kunali kulira kofika mpaka kunjira. Ndinataya sanza zawo, ndinatsuka mtima ndi mchenga ndi phulusa, ndinatulutsa kachitini ka girisi kamene ndinasunga chichokere ku Beira. Tsopano imazungulira ngati bwato pamadzi odekha. Ndakweza mpanda. M'mawa uliwonse ndimatenga tsache ndi kufafaniza zonse, anthu asanayambe kuyenda.

Ndikuganiza kuti amabwera m'bandakucha, pamene asodzi a usipa akubwerera ndipo munthu woyenda kugombe sadabwitsa. Sindinawaone ndipo sindikufuna kuwaona. Chimene sindinaone sindingachifuule. Koma ndisanasese ndimawerenga pansi, ndipo pansi pamalembedwa bwino kuposa m'kalata zako. Mapazi akuchuluka. Dzulo ndinapeza kansapato ka tayala ka mwana wa mai Sikudhani, amene mchimwene wake ndinamuona ndi maso anga akukwera phiri. Wina akumukankhira amene si wa kunyumba kwawo. Ndinafuna kukwiya chifukwa cha lamulo langa. Koma phazi silinena kuti ndi la nyumba iti, ndipo tsache silifunsa.

Hosea wabweretsa chingwe. Wapota ngati munthu wopemphera maso ali otseka, koma ndalandira. Yuniya sindinamukhululukire. Usamuuze kuti ndikudziwa. Akuyesa kuti ndapenga, ndipo amabwera ndi nsomba yowamba kudzandinyengerera. Apitirize pang'ono.

Ku Likoma usandidikire. Ndikachoka adzasesa ndani?

Okonza maboti aja uwathokoze, koma tinta usatumize. Kampango akhale wosuluka, aoneke ngati chipika kwa aliyense wosuzumira. Uwafunse girisi, wakuda uja wa injini, chitini chachikulu chimene angapeze. Wanga watsala pansi penipeni, ndipo akutha msanga kuposa zaka zimene kunkabwera anthu a ku Maniamba.

Ndine atate ako,
Basilio, mwini Fera